Kaampu ka Bluetooth kakamadula nyimbo m'tauni, yambani mwafufuza m'thumba mwanu

Kaampu kanga anandibweretsera ndi mlamu wanga amene amakaoda katundu ku Johannesburg. Ndi kabokosi kongofanana ndi bokosi la machesi, kali ndi batire lakelake, bowo lolowetsamo mahedifoni, ndi kopanira pa malaya. Foni imatumiza nyimbo kudzera pa Bluetooth, kabokosiko n'kuzilandira, kuzipatsa mphamvu, n'kuzitsitsira m'chingwe mpaka m'makutu. Ena amati ampulifaya, ambiri timangoti kaampu. Makampani monga FiiO, Shanling, iFi ndi Qudelix amapanga tizipangizo totere, ndipo tinayamba kufunidwa kwambiri opanga mafoni atayamba kuchotsa bowo la mahedifoni. Apple inalichotsa pa iPhone 7 mu 2016, ena n'kumatsatira pambuyo.

Kunyumba ku Area 25 kankaimba mokoma moti mpaka mpweya wa woimba ndinkaumva. Koma ndikangotsika minibasi ku depoti ku Old Town, nyimbo zinkayamba kudukaduka ngati CD yokalika. Kwa milungu itatu ndinkangodziuza kuti alamu anandigulira feki, kungoti pakamwa panali polemera kuwauza. Tsiku lina ndinakapititsa kwa mnyamata wina wokonza mafoni cha ku Malangalanga. Sanakatsegule n'komwe. Anangondifunsa kuti, "Achimwene, foni mumaiika pati mukamayenda m'tauni muno?" Ndinamuonetsa: foni m'thumba la buluku la kudzanja lamanja, dzanja langa litaiphimba pamwamba kuopa opisa m'matumba, kaampu kali pa kolala ya kumanzere. Anaseka. "Ndiye mukufuna mawu adutse m'dzanja, adutse m'mimba, akatulukire pa kolala? Kaampu kanu kalibe mlandu." Ndinamusiyira ya Fanta.

Musanafike pa nkhani ya thumbayo, dziwani kaye kuti chikudukacho n'chiyani, chifukwa kuduka kulipo kwa mitundu ingapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Tengani nyimbo imodzi yomwe ili kale m'foni, osati ya pa YouTube kapena Spotify. Ikani foni pa Airplane mode, kenako yatsaninso Bluetooth yokha. Mverani nyimboyo pamalo omwe vuto limakonda kuchitikira. Ikaimba osaduka, ndiye kuti chimene chinkakuvutitsani ndi netiweki, bandulo yotha, kapena Wi-Fi ya foniyo, ndipo za Wi-Fi tizikamba m'munsimu. Ikadukabe, gwedezani pang'ono pulagi ya mahedifoni pomwe yalowera m'kaampu. Mukamva kuthetheka, kapena khutu limodzi n'kuzima linalo likuimba, vuto lili pa chingwe kapena m'bowo. Bluetooth ikaduka imadula makutu onse awiri nthawi imodzi, siisankha khutu. Ndipo ngati nyimbo imaima yonse pakapita mphindi zingapo sikirini itazima, osayambiranso mpaka mutagwira foni, ameneyo ndi mdani wina, wosunga batire wa m'foni mwanu.

Thupi lanu ndi khoma

Bluetooth imayenda pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Pa tizipangizo tambiri ta m'thumba imafika mamita pafupifupi 10 ngati pakati palibe chotchinga. Madzi amameza mafunde amenewa, ndipo thupi la munthu gawo lalikulu ndi madzi. M'nyumba simuliona vutoli chifukwa mafundewo amagunda makoma ndi denga n'kubwerera, amazungulira thupi lanu n'kukafikabe pa kaampu. Panja palibe chowabweza. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti pabalaza angathe kusiya foni pa tebulo n'kupita kukhitchini nyimbo ili gwaa, koma pa msewu imaduka foni ili m'thumba lomwelo la buluku lake.

Onjezanipo khamu. Ku depoti, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi yoweruka, kapena mu msika wa Tsoka Loweruka, pafupifupi aliyense ali ndi foni. Uyu wayatsa hotspot, uyo ali ndi timahedifoni topanda chingwe, apo sipika ya wogulitsa mamemori khadi ikulira. Zonsezi zikulimbirana kanjira kamodzi ka 2.4 GHz. Bluetooth ili ndi nzeru yake, imadumphadumpha pa matchanelo 79, kokwana ka 1600 pa sekondi imodzi, n'kumalambalala omwe adzaza. Koma akadzaza ambiri imasowa popondera.

Chochita n'chosalira ndalama. Foni ndi kaampu zikhale mbali imodzi ya thupi, kutsogolo, pasakhale mimba, ntchafu kapena dzanja pakati. Ine tsopano foni ndimaiika m'thumba la malaya kapena m'kachikwama ka pachifuwa, kaampu n'kukapanira pa lamba wa kachikwamako. Mu minibasi, momwe mumakhala anayi pa mpando wa anthu atatu, foni ikakhala m'thumba lam'mbali imapanikizika pakati pa ntchafu yanu ndi ya mnzanu, ndiye kuti makoma awiri a madzi. Itulutseni muiike pamwamba. Chikwama chokhala ndi laputopu kapena botolo la madzi nachonso si malo abwino oikamo foni.

Katundu amene mwasenzetsa Bluetooth

Apa ndi pomwe ambiri ogula tiampu timeneti timadzipweteka tokha. Nyimbo isanachoke m'foni imayamba yapanikizidwa kuti ikwane m'kanjira ka Bluetooth, ndipo njira yopanikizirayo imatchedwa codec. SBC ili m'chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa Bluetooth, ndipo ikakwera kwambiri nthawi zambiri imafika 328 kbps (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa deta yotumizidwa pa sekondi imodzi). AAC ndi yomwe iPhone imagwiritsa ntchito. Kuli aptX ya kampani ya Qualcomm, ya 352 kbps, ndi aptX HD ya 576 kbps. Kenako kuli LDAC ya Sony, imene inalowa mu Android kuyambira pa Android 8.0 mu 2017, ndipo ili ndi masitepe atatu: 330, 660 ndi 990 kbps.

Munthu ukagula kaampu kolembedwa LDAC pa bokosi, mtima umafuna 990 basi, kuti ndalama zako zioneke. Inenso ndinatero. Koma 990 ili ngati kabaza wa njinga yakapalasa amene wasenza matumba atatu a makala: pa msewu wosalala amayenda ndithu, akangokumana ndi kabampu kamodzi zonse zili pansi. Kachidutswa ka nyimbo kakatayika m'njira, foni imayenera kukatumizanso. Pa 990 mpata wotumizanso umatsala wochepa kwambiri, ndiye kachidutswako kakachedwa inu mumamva kuduka. Pa 660 kapena 330 mpata umakhalapo.

Kuti musinthe pa foni ya Android, lowani mu Settings, pitani pa About phone, pezani polembedwa Build number n'kudinapo ka 7. Mafoni ena amabisa Build number mkati mwa Software information. Mukatero pamatulukira Developer options. Lumikizani kaye kaampu, chifukwa kakapanda kulumikizidwa zosankhazo zimangooneka zotuwa, zosadinika. Tsikani mpaka pa Bluetooth audio codec muone imene ikugwira ntchito. Ngati ndi LDAC, pansi pake pali posankhira Playback quality. Sankhani 660, kapena siyani pa Best effort kuti foni izitsitsa yokha zinthu zikathina. Zikakanikabe ku depoti, yesani aptX, AAC, ngakhale SBC yomweyo.

Chokwiyitsa n'chakuti pa mafoni ambiri zimene mwasankha mu Developer options zimaiwalika mukazimitsa kaampu n'kukalumikizanso. M'mawa uliwonse kuyambiranso. Njira yokhalitsa ili mu app ya kaampuko: tiampu tambiri timalola kuzimitsa codec imene simukuifuna, ndiye foni imangotenga yotsatira. Mafoni enanso, mukalowa mu Bluetooth n'kudina kagiya ka pafupi ndi dzina la kaampu, mumapeza batani la LDAC kapena HD audio loti n'kuzimitsa.

Ndinene mosabisa. Ngati nyimbo zanu ndi zija anakutumizirani pa WhatsApp, kapena zija munaikitsa pa memori khadi kwa anyamata obena nyimbo, zambiri ndi ma MP3 a 128 kbps. Zinapanikizidwa kalekale, ndipo LDAC singabweze chimene chinatayidwa. Ngakhale mutakhala ndi mafayilo a FLAC, aja osataya kalikonse ka nyimbo, mu minibasi yopita ku Kawale, injini ikulira, kondakitala akuitanira, wailesi ya adalaivala ili pamwamba, ine sindinakumanepo ndi khutu losiyanitsa 660 ndi 990. Muzisungira 990 madzulo muli phee pa mpando kunyumba.

A iPhone ndime yonseyi sikukukhudzani. Foni yanu imadziwa AAC ndi SBC zokha, ndipo palibe posinthira. Ngati mukufuna kugula kaampu, musalipire ndalama zowonjezera chifukwa cha LDAC imene simudzaigwiritsa ntchito.

Foni ikamadzisokoneza yokha

M'mafoni ambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zimagawana kachipangizo kamodzi ndi mlongoti umodzi. Mukayatsa hotspot kuti laputopu kapena anzanu a mu ofesi adyeko bandulo yanu, kapena mukamatsitsa fayilo yaikulu pa Wi-Fi ya 2.4 GHz, ziwirizi zimayamba kusinthana nthawi, ndipo nyimbo ndi imene imaluza. Ngati foni ndi rauta zili ndi Wi-Fi ya 5 GHz, samukirani kumeneko. Ngati zilibe, tsitsani codec kapena zimitsani hotspot pomvera nyimbo. Wotchi yolumikizidwa ku foni nayonso imadyako kanjira komweko, choncho poyesa vuto yambani mwaichotsa.

Tiampu tina timalumikizana ndi zipangizo ziwiri nthawi imodzi. N'zothandiza, koma zili ndi msampha. Ine ndinkadabwa kuti nyimbo ikuima masekondi awiri kapena atatu ndili pa desiki, foni ili pafupi, palibe khamu. Kunali kulira kwa imelo yolowa pa laputopu, kaampu n'kutembenukira kumeneko kenako n'kubwerera. Zimitsani Bluetooth pa chipangizo chachiwiricho muone ngati vuto latha.

Za wosunga batire uja: mafoni ambiri a Android, makamaka otsika mtengo, amatseka ma app sikirini ikazima kuti batire likhalitse. Lowani mu Settings, pa Apps, sankhani app yanu yoimbira nyimbo, pa Battery muike Unrestricted kapena Don't optimise, malinga ndi mmene foni yanu yalembera. Chitaninso chimodzimodzi pa app ya kaampu. Ndipo ma app aja olonjeza kuyeretsa foni ndi kuithamangitsa, achotseni, ntchito yawo yaikulu ndi kupha zinthu zimene inu mukuzifuna.

Zonsezi zikakanika, uzani foni iiwale kaampuko podina Forget kapena Unpair, zimitsani zonse ziwiri, n'kulumikiza mwatsopano. Onaninso mu app ngati kuli firmware (pulogalamu yoyendetsa kaampuko) yatsopano, koma muiike batire la kaampu litadzaza, chifukwa kakazima ntchitoyo ili pakati kangathe osadzukanso.

Fumbi

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Lilongwe limalowa paliponse, ndipo wokwera kabaza m'misewu yafumbi ya ku Area 25, Area 36 kapena Mtandire amalidziwa ndi m'mano momwe. Likasakanikirana ndi ulusi wa m'thumba limapanga kachimbulu pansi pa bowo la mahedifoni, pulagi n'kumalephera kufika kumapeto. Chizindikiro chake: pulagi siikulira kuti "tcha" polowa, mawu a woimba akumveka kutali ngati ali m'chitsime pomwe zing'wenyeng'wenye zikumveka, kapena khutu limodzi lafa. Zimitsani kaampu, tengani kamtengo kotokosera m'mano, mukolowole pang'onopang'ono. Singano ndi pini ayi, zimakanda ndi kupinda tizitsulo ta mkati. Pulagiyo ipukuteni ndi kansalu kouma. Mukayesa mahedifoni ena n'kupeza kuti akuimba bwino, chingwe chanu chaduka mkati, kawirikawiri pakhosi penipeni pa pulagi pomwe chimapindikira.

Mawu akasanduka a pa telefoni

Pali vuto lina limene limaopsa anthu pachabe. Mukumvera nyimbo bwinobwino, mwayankha foni ya pa WhatsApp kapena mwajambula uthenga wamawu, ndipo mukabwerera nyimbo yapyapyala, besi yathawa, zonse zikumveka ngati wailesi yakale ya agogo. Bluetooth ili ndi njira ziwiri zosiyana. Ya nyimbo imatchedwa A2DP. Yolankhulirana imatchedwa HFP, ndipo imeneyi imatsegula maikolofoni koma mawu ake ndi a mono, opyapyala. App ikagwira maikolofoni n'kuiwala kuisiya, foni imakakamira pa HFP. Tsekani app imeneyo kwathunthu, kapena zimitsani Bluetooth n'kuyatsanso. Ngati simufuna n'komwe kuyankhira mafoni pa kaampu, dinani kagiya ka pafupi ndi dzina lake mu Bluetooth, zimitsani polembedwa Calls kapena Phone calls, musiye Media audio yokha. Kuyambira pamenepo mafoni muziyankhira pa foni penipeni, nyimbo sizidzasokonezekanso.

Voliyumu yochepa, mkokomo ndi kutchaja

Mavoliyumu alipo awiri, ya foni ndi ya kaampu. Pa tiampu tina zimayendera limodzi, pa tina iliyonse payokha. Ngati zili zosiyana, kwezani ya foni mpaka kumapeto kapena pafupi, ndipo muzisinthira pa kaampu, mutayamba mwatsitsa ya kaampuyo musanavale mahedifoni. Zikamasokonezana, sitepe imodzi kuchepetsa kwambiri yotsatira n'kuboola makutu, mu Developer options muli Disable absolute volume. Yatsani, lumikizaninso.

Mahedifoni nawo amasiyana njala. Timahedifoni tolowa m'khutu tambiri ndi ta ma ohm 16 mpaka 32 (ohm ndi muyeso wa mmene mahedifoni amakanira magetsi), ndipo sitivuta kukhutitsa. Akuluakulu a mu situdiyo, monga Sennheiser HD 600 a ma ohm 300 kapena Beyerdynamic DT 770 Pro a ma ohm 250, amafuna kukankhidwa kwambiri. Kwa amenewa ikani gain, posankhira mphamvu imene kaampu kamakankhira mahedifoni, pa High. Kwa ting'onoting'ono tija isiyeni pa Low, apo ayi muzimva kuti "sss" nyimbo ikakhala chete. Ngati kaampu kanu kali ndi bowo lachiwiri la 2.5 mm kapena 4.4 mm, limenelo ndi la balanced ndipo limatulutsa mphamvu zambiri, koma limafuna chingwe chake chopangidwira zimenezo. Musagule kaadaputala koti mulowetsere pulagi wamba ya 3.5 mm m'bowo la balanced. Kamagundanitsa mawaya awiri osayenera kukumana, ndipo kangathe kuwotcha kaampu.

Kaampu kali ndi mphamvu kuposa foni, choncho kuwononga makutu n'kosavuta, makamaka ukamalimbana ndi phokoso la minibasi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a ma decibel 80 (muyeso wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa mlungu, ndipo mawuwo akakwera ndi ma decibel 3 okha nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Mukatsika minibasi makutu akulira okha, mwapyola. Timahedifoni totseka bwino khutu timathandiza kuposa kukweza voliyumu. Pa kabaza wa njinga yamoto kapena powoloka M1, vulani khutu limodzi.

Mkokomo womveka pokhapokha kaampu kali pa tchaja umachokera ku tchajayo, makamaka zija zotchipa za pa msika ndi za m'galimoto. Chotsani pa magetsi, ukatha mwaupeza mwini wake. Kulira kwina kwa "dididi-dididi" kumabwera foni ikagwera pa netiweki ya 2G itagundana ndi kaampu kapena chingwe. Zitalikitseni pang'ono, ngati kutalika kwa chikhatho, koma zikhalebe mbali imodzi.

Magetsi akazima timathamangira ku power bank, ndipo apa pali chodabwitsa china. Mumalumikiza kaampu, kagetsi n'kuyaka, pakapita kanthawi kochepa power bank yazima yokha. Kaampu kamakoka moto wochepa kwambiri moti power bank imaganiza kuti palibe cholumikizidwa. Zina zili ndi njira yotchajira tizipangizo ting'onoting'ono, imene nthawi zambiri imayatsidwa podina batani kawiri kapena kuligwira kwa masekondi angapo. Ngati yanu ilibe koma ili ndi mabowo awiri, tchajani foni ndi kaampu nthawi imodzi. Tiampu tina totchipa timakananso chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri koma timalola cha USB-A kupita ku USB-C, choncho musafulumire kunena kuti batire lafa musanayese chingwe chamtundu winawo. M'mwezi wa Okutobala musakasiye pa dashibodi ya galimoto padzuwa, kutentha kumakalambitsa batire msanga. Kabokosi kakayamba kutupa kapena chivundikiro kukankhika, lekani kukatchaja tsiku lomwelo.

Mawu ochedwa, ndi chingwe cha USB

Mukamaonera mpira kapena kusewera magemu, mawu angamafike mochedwa pang'ono kuyerekeza ndi chithunzi. Chimenechi ndi chibadwa cha Bluetooth, kupanikiza ndi kumasula nyimbo kumadya nthawi. Ma app a mavidiyo monga YouTube ndi Netflix amachedwetsako chithunzi kuti zigwirizane, koma magemu sangatero. Palibe batani lochotseratu vutoli.

Mwayi wake, tiampu tambiri timagwiranso ntchito pa chingwe cha USB. Mukalumikiza ku foni ndi kachingwe kakafupi, Bluetooth yachoka pa nkhani: kuchedwa kwatha, kuduka kwatha, khamu la ku depoti lilibenso mphamvu. Foni ikakana kukazindikira, fufuzani mu Settings polembedwa OTG, imene imalola foni kuzindikira zipangizo za USB, n'kuyatsa. Pa mafoni ena OTG imazima yokha pakatha mphindi 10 popanda cholumikizidwa, ndiye mungafunike kuyatsanso nthawi iliyonse. Onetsetsaninso kuti chingwecho n'chotumiza deta, chifukwa zina zimangotchaja basi.

Chimodzi choti musaiwale pa USB: kaampu kamaona foni yanu ngati tchaja n'kuyamba kuyamwa batire lake. Ine ndinazindikira zimenezi pa basi yopita ku Mzuzu. Ndinanyamuka foni ili pa 90, pofika pa Kasungu inali itatsika moti ndinaizimitsa kuti ndidzathe kuimbira wodzanditenga. Mu app ya kaampu, kapena pa kabatani ka m'mbali mwake, muli pozimitsira kutchaja, nthawi zambiri polembedwa Charge. Zimitsani musanalowetse chingwe, ndipo mukafika kunyumba mukumbukire kuyatsanso, apo ayi mudzakasiya pa tchaja usiku wonse m'mawa n'kupeza batire lili pomwe linali.